Kanjira ka amuna anga

Amuna anga anzawo amawatcha Injiniya, ngakhale kuti sanapondeko ku koleji. Zopanga mawebusaiti anaziphunzira okha, pa laputopu yothyoka chivindikiro imene amaitsamiritsa ku botolo la shuga patebulo lodyera. Ndi munthu wofatsa, oti sangaphe ndi nyerere yomwe. Wapakamwa m'nyumba muno ndine.

Akamapanga webusaiti imakhala mu laputopu momwemo, palibe wina angaione. Akafuna kuti mwini ntchito aone pamene afika, amatsegula chimene amachitcha kanjira. Amalemba mzere umodzi, pamatuluka linki, ndipo aliyense amene ali nayo amasuzumira mu laputopu yathu ali kwawo.

“Kuli ngati kuboola khoma,” amatero. “Ukamaliza uzitseka.”

Chaka chatha mayi wina telala anawapatsa ntchito yopanga posungira miyeso ya makasitomala. Kuti aone ngati zikuyenda, panafunika anthu ongoyeserera.

“Mayi a mwana, tandipatseni mayina,” anatero.

Ine ndiye ndinayamba kutchula abale, mayina enieni, uku ndikusenda mbatata. Tinaseka mpaka misozi. Titafika pa achemwali anga, amene anandilera mayi athu atamwalira, ndinati, “Lembani chiuno mainchesi 60. Pa ndemangapo lembani kuti nsalu imodzi siwakwana, amadya ngati mawa kulibe.”

“Aaa, zimenezo ayi,” anatero amuna anga.

“Lembani inu! Aona ndani?”

Analemba.

Patatha sabata anatsegulira telala uja kanjira, kuti aone tsamba loyamba lokha. Kenako anawaitana kusukulu kuti mwana wathu watentha thupi, ndipo anathamanga osatseka. Telalayo posangalala anayamba kuonetsa makasitomala pafoni yake, akudina paliponse. Amene anawapezera amuna anga ntchitoyo anali achemwali omwewo, ndipo masana amenewo anali pabenchi la mushopumo ndi amayi ena anayi a kutchalitchi kwawo. Ndemanga ija anaiwerenga onse.

Madzulo achemwali anabwera kwathu. Sanakalipe, bola akanakalipa. Amuna anga anagwada pakhomo.

“Alamu, ndalakwa ndine. Ndinalemba ndine, kanjira ndinasiya kotsegula ndine.”

Ine ndinali chiimire kuseri kwawo. Ndinawasiya asenze okha, ine wolongolola uja!

Achemwali anawadzutsa. “Dzukani alamu. Mawu amenewa ndikuwadziwa mwini wake. Ndinamuphunzitsa kulankhula ndine.”

Manyazi amene ndinamva sanandichoke mpaka lero. Ndinakapepesa patapita masiku atatu, anati zatha. Amuna anga akupitiriza ntchito yawo, telala uja anawapezera makasitomala ena awiri.

Achemwali amabwerabe Lamlungu lililonse, amanyamula mwana, amaseka ndi alamu awo. Koma ndikayika chakudya patebulo amati, “Ndadya kale, mng'ono wanga,” n'kupempha madzi okha.