Jakisoni wa Anesi ku Wolverhampton

Nditapeza ntchito pachipatala china ku Wolverhampton, lamulo linali lakuti nesi aliyense abayidwe katemera wa matenda a chiwindi asanakhudze wodwala. Ndinapita kukabayitsa ndi mayi ena akutchalitchi kwathu, nesi mnzanga, amene ku Malawi anabaya ana jakisoni zaka zambiri akuwakalipira kuti, "Ukulira chiyani? Ndi udzudzu chabe."

Atangoona jakisoni, anafunsa nesi wachizungu ngati panalibe mapilitsi. Panalibe. Anabayidwa atatsinzina, akuitana Yesu, atandifinya dzanja mpaka linachita dzanzi.

Mu tramu, kasitima kamagetsi ka m'tauni, pobwerera kwathu ku Birmingham anandinong'oneza, "Achemwali, za lerozi zisakafike kutchalitchi."

Ine ndinasunga pakamwa. Lamulungu lotsatira anaimirira okha kupereka umboni wakuti Ambuye anawapulumutsa ku singano yaikulu ngati msomali, ndipo mpingo wonse unawomba m'manja.