Tsiku Limene Ndinavula Chitenje Pamsika

Ine pepala sindiwerenga, koma bodza sindinena, ndipo wokayika akafunse azimayi anzanga ogulitsa tinsomba ta kapenta m'tauni muno mu Kabwe, anaona ndi maso awo.

Mwana wanga wamkazi atamwalira kutsatira mwamuna wake, achibale akuchimuna analanda nyumba ya ku Chowa, mipando, ngakhale mapoto, n'kutenganso mdzukulu wanga wamwamuna ati akamuphunzitse ku Ndola. Ine ndinangoti chabwino, nanga nkhalamba yonunkha kapenta ikanalimbana ndi anthu ovala nsapato? Zaka zitatu ndikafunsa, ankangoti mwana ali bwino, akukhoza m'kalasi.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu kunamveka mfuu yoti agwira kawalala, ndiye kuti wakuba. Anthu anathamangira komweko, ine pambuyo, ndipo ndisabise, ndinatola mwala, chifukwa ana a mumsewuwa ankatibera tsiku ndi tsiku, ife n'kumawatcha makoswe. Ndinapeza ali mnyamata, amuna amugwetsa kale, wakuda bii ndi litsiro, kabotolo ka guluu wokoka m'mphuno kali m'malaya, wina akugubuduza tayala, wina akukuwa kuti petulo abwere. Mlandu wake? Mabanzi awiri. Mwanayo potchinga mutu anandiona, n'kuitana kuti ambuya, mawu ake enieni a malemu mwana wanga. Anali mdzukulu wanga uja.

Mwala unagwa wokha. Ndinamugwera pamwamba, amuna aja n'kumandikoka ati ndichoke ndingapse naye. Pamenepo ndinavula bulauzi, n'kumasula chitenje, n'kuwauza kuti wofuna kuona maliseche a mayi wonga womubala ayatse machesiwo, tione ngati kwake kudzalirenso khanda. Tsoka lake mukulidziwa inu. Amuna a ndevu zawo anaphimba maso n'kumwazikana ngati nkhuku, tayala n'kutsala poteropo.

Titafika kwathu ku Ngungu ndi pamene anandiuza kuti Ndola sanaipondeko, ankagona m'khitchini, kudya makombo, kumenyedwa, ndipo nyumba itagulitsidwa anamusiya pasiteshoni ati adikire. Guluuyo ati amapha njala ndi kuzizira. Mpaka lero amathawirabe kumsewu, ine n'kukamutenga, athawenso ndikamutengenso, tiona atope ndani.

Ena kutchalitchi amandinena ati ndinadzichotsa ulemu. Anene! Ine ndimakhulupirira kuti msewu subala mwana, timawaponyako ndife. Inu olanda za amasiye ndi inu otola miyala mumve: ndikadzamvanso mfuu ija, mwanayo akhale wa yani, ndidzavulanso.