Mmene ndinaliritsira azakhali ku Senga Bay

Tinawoloka malire pa Mchinji tili atsikana atatu, aliyense atabereka chikwama chachikulu kuposa nzeru zake. Tinali titangomaliza sukulu ya unamwino ku Kitwe, m'dziko la Zambia, ndipo tinagwirizana kuti tisanayambe kutsuka mabala a anthu tikaoneko nyanja ya ku Malawi. Mnzanga wina anali wamtali, wokonda kujambula chilichonse, ngakhale mbuzi. Winayo anali Mbemba weniweni. Chichewa chake chonse chinali “zikomo” basi, ndipo ankamunena pogula, pokana ndi pokwiya pomwe.

Anzangawo ankapita kukasambira. Ine ndinali ndi ntchito ina. Bambo anga anabadwira ku Senga Bay. Anachokako ali mnyamata kukagwira ntchito kumigodi, anakwatira mayi anga a ku Chipata, ndipo zaka zoposa makumi anayi zinatha osapondanso kwawo. Amayi awo atamwalira kalata inawapeza, koma kumaliro sanapite, ndipo kuyambira pamenepo manyazi anawamanga miyendo. Tsopano anali atakalamba, chifuwa chikuwavuta. Ankafuna kudziwa ngati achemwali awo akadali moyo, ndiponso ngati angawalandire atabwerera. Tsiku lonyamuka anandiitanira kuchipinda n'kundipatsa kachisoti kawo kakumzikiti, kamene anachoka nako kwawo.

“Ngati akakukayikire, ukawaonetse aka,” anatero bambo. “Achemwaliwo anasoka okha.”

Ndinalandira, koma mumtima ndinali nditapsa pang'ono. Munthu wamkulu, wa imvi, kuopa mlongo wake mpaka kutuma mwana!

Minibasi ya ku Salima itatitsitsa ku Senga Bay, tinakwera makabaza. Wa kabaza amene anayenera kunditenga ine anayang'ana chikwama changa, anachinyamula, anachitsitsanso, n'kunena kuti chimenechi si katundu ayi, ndi munthu. Anachikhazika pampando chili chiimire, anachimanga ndi mphira, ine n'kundipereka kwa mnzake. Njira yonse ankatembenuka kuchifunsa kuti, “Mwakhala bwino kumbuyoko, bwana?” Titafika anachitsanzika mwaulemu, ife eni ake osatiyang'ana n'komwe. Mnzanga wamtali anamujambula kasanu.

Zikwama zomwezo n'zimene zinandisokonezera ntchito. Masiku awiri ndinayenda m'midzi ya asodzi ndikufunsa, koma anthu akangoona mtolo kumsana, ankandilozera kumaloji. Ndikawalankhula Chichewa, ankandiyankha m'Chingerezi. Ndikatchula dzina la bambo, ankapukusa mutu n'kundifunsa ngati ndikufuna kukwera boti. Zinandipweteka kwambiri. Kwathu ku Kitwe ankatinena kuti ndife Amalawi, kuno kwawo kwa bambo ndinali mzungu wakuda wodzaona madzi.

M'mawa wa tsiku lachitatu, anzanga aja atandiperekeza, mayi wina amene ankatembenuza usipa pa thandala anandimvera chisoni. Anandilozera mkulu wina amene anakhala pansi pa mtengo akusoka ukonde, n'kunena kuti ameneyo ndiye amadziwa onse amene anachoka pamudzi. Mkuluyo anali atavala jekete ija yoteteza kumira, yofiirira ngati papaya wakupsa, atamanga zingwe zake zonse, dzuwa likuswa mtengo. Titapatsana moni ndinalephera kudzigwira, ndinamufunsa ngati akupita panyanja.

“Ine? Chibadwire sindinakwerepo bwato, kusambira sinditha,” anatero. “Koma nyanjayi imayenda, mwanangu. Tsiku lina idzandipeza pakhonde, ndiye idzandipeze nditakonzeka.”

Ndinayamba kumuuza dzina la bambo, iye anakweza dzanja.

“Mayina amasintha kumigodi. Ndiuzeni thupi lake. Amayenda bwanji? Ali ndi chipsera?”

Ndinaganiza kaye, kenako ndinamuuza kuti khutu lamanzere la bambo ndi long'ambika pamwamba, ndipo sanatiuzepo chimene chinachitika. Mkuluyo anasiya ukonde. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

“Mbedza imeneyo inali yanga! Tinkawedza pamiyala apo, ine ndinaponya osayang'ana kumbuyo. Achemwali ake anandithamangitsa ndi mthiko mudzi wonse uno. Alipo, nyamukani.”

Anatiuza kuti timange zitenje pamwamba pa mathalauza, kenako anatsogola, jekete ikuwala pakati pa nyumba, ife pambuyo pake ndi zikwama zathu ngati akamba.

Tinawapeza azakhali atakhala pamphasa pakhonde, akusankha mpunga m'lichero. Sindinafunikire kuuzidwa. Mphumi inali ya bambo, ngakhale kapindidwe ka milomo posankha mpungawo kanali ka bambo. Mkulu uja anapereka salamu, anatipatsa pokhala, ndipo anayamba moni wautali uja wofunsa za thupi, za ana, za kumunda, monga amachitira anthu aulemu asanafike pa nkhani. Ine sindinathe kudikira. Mawu onse amene ndinakonza kuyambira ku Kitwe anandithawa. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kachisoti kaja, ndinagwada n'kukaika pamphasa ndi manja awiri, osanena kanthu, misozi ikuyenderera.

Azakhali anakatola. Anakatembenuza, anayendetsa chala pamsoko. Kenako anati chapansipansi, “Inna lillahi,” mawu a Chiarabu amene sindinawamvetse, lichero linagwa, ndipo analira kulira kumene sindidzakuiwala. Posakhalitsa amayi a nyumba zoyandikana anafika akuthamanga, ena ndi ufa m'manja, n'kukhala pansi kuyamba kulira nawo. Abambo awiri anabwera ndi benchi. Mnzanga Mbemba, poona anthu akulira, nayenso anayamba kulira kwinaku akunena kuti “zikomo, zikomo.” Ine ndinkangoti ndi mmene anthu a kuno amasangalalira akapeza mbale.

Mkulu wa jekete anandikokera pambali, nkhope itagwa.

“Mwanangu, bwanji simunandiuze kumtengo kuja? Anatisiya liti mnzanga?”

“Ndani?”

“Bambo anu.”

“Ali moyo! Dzulo lomweli ndalankhula nawo!”

Anagwira pamutu ndi manja onse awiri. Anandifotokozera mofulumira kuti munthu akafera kutali n'kuikidwa komweko, abale ake amabweretsa zovala zake kumudzi n'kuziika pamaso pa eni mbumba, mwakachetechete, monga mmene ndinachitira ineyo. Anati ndinachita bwino kwambiri moti ngakhale akuluakulu sakanandiposa. Bambo anali atandiuza kuti ndikaonetse kachisotiko ngati akandikayikire, koma palibe amene anali atandikayikira. Ndinangoyambira kumapeto.

Ndinaimirira pakati pa anthuwo n'kukuwa ngati ndili pamsika kuti, “Ali moyo! Bambo anga ali moyo, sanamwalire!” Kulira kunazima pang'onopang'ono, wina apa wina apo. Abambo a benchi aja anayang'anana, osadziwa ngati aibweze. Mayi wina anathokoza Mulungu kuti “Alhamdulillah,” mayi wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. Koma azakhali sanaseke. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wawo n'kundiyang'ana, ndipo ndinamvetsa chifukwa chimene bambo ankawaopera.

“Iwe ndiwe mwana wake?”

“Eya, azakhali.”

“Zaka zonsezi abale akhala akundikakamiza kuti timuphikire sadaka, timuwerengere pamodzi ndi akufa. Ine ndimakana. Ndimati sindinaone zovala zake. Mayi ndinawaika ndekha, iye osabwera, koma sadaka yake ndinakana. Ndiye lero wanditumizira zovala ali moyo?”

Ndinayesa kunena kuti wolakwa ndine, koma sanandimvere. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinaona kuti ulendo wonsewu ndauwononga ndi manja anga, ndipo ndidzabwerera ku Kitwe kukawauza bambo kuti khomo lija ndalitseka ndine. Mnzanga wamtali, amene kwa nthawi yoyamba paulendo wonse sanajambule kanthu, anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti ndiwaimbire foni bambowo pompo.

Foni inaitana kawiri. Bambo atayankha ndinangoti, “Ndili nawo pano,” n'kuwapatsa azakhali. Anaigwira patali ndi nkhope ngati ikununkha, mpaka mkulu wa jekete anaisendezera kukhutu kwawo. Mawu ndinali nditakweza, choncho bwalo lonse linkamva. Kwa kanthawi tinkangomva kupuma kwa bambo, kolemera kuja kwa chifuwa chawo. Kenako azakhali anatchula dzina lina limene ine ndinali ndisanalimvepo, dzina laubwana.

“Ee, achemwali,” anayankha bambo. Mawu awo anali aang'ono, ngati a mwana amene waswa mbale.

“Chifuwa chimenecho chayamba liti?”

“Chaka chatha, achemwali.”

“Ukumwa mankhwala?”

“Ndikumwa. Achemwali, ine ndinalakwa. Maliro a mayi aja...”

“Zimenezo si za pafoni,” anawadula azakhali. “Udzazinena uli pamphasa pano, ndikukuona. Mwana wako wandiliritsa maliro ako lero, mudzi wonse wamva. Sindiliranso kachiwiri ndisanakuone, wamva? Ubwere mvula isanayambe. Ndipo ubwere ndi miyendo yako, usanditumizirenso zovala.”

Pafonipo tinamva akufwenthera, bambo anga amene ndinali ndisanawaonepo akulira.

“Ndamva, achemwali,” anatero. “Ndibwera.”

Azakhali anandibwezera foni osatsanzika. Anandikoka dzanja n'kundikhazika pafupi nawo, anandigwira chibwano, kunditembenuzira uku ndi uku, akundiyang'ana bwinobwino. Kenako analoza mpunga umene unamwazika pamphasa paja n'kuti, “Tola, mwanangu. Wautayitsa ndiwe, ndipo pano ndi pakwanu.”