Keke Imapendekeka Limodzi ndi Njinga

Ntchito yanga yoyamba inali yokhala pansi. Ndikatero anthu amayesa ndinali mlembi mu ofesi ina ku City Centre, pampando wozungulira uja. Ayi ndithu. Ndinkakhala kumbuyo kwa njinga yamoto, keke ili pamiyendo.

Anandipezera ntchitoyi ndi azakhali anga, amene ndinkakhala nawo ku Mtandire nditangolemba mayeso a Fomu 4. Iwo ankachapa zovala ku Area 47, kwa Mayi Nkhoma, mayi wophika makeke a maukwati, a zinkhoswe ndi a masiku obadwa. Makeke akuluakulu Mayi Nkhoma ankakapereka okha pagalimoto yawo, koma ang'onoang'ono ankatumiza pa kabaza. Tsono keke simangidwa ndi mphira pakaliyala ngati thumba la makala. Imafuna munthu woifungatira. Mtsikana amene ankagwira ntchitoyi anali atakwatiwa, ndiye azakhali anangoti, "Mayi, kunyumba kuli mwana wa achimwene anga, Esinati. Manja ake ngofatsa." Za miyendo yanga sananene, chonsecho njinga yamoto ndinali nditakwerapo kamodzi kokha.

Woyendetsa njingayo anali Che Saidi a ku Area 2, bambo wandevu zoyamba kuyera, wosachedwa kuseka. Tsiku loyamba ndinakhala cham'mbali monga amakhalira amayi ovala chitenje. Che Saidi anazimitsa injini. "Mawa uvale buluku mkati mwa chitenjecho, ukhale motangadza. Ine wokhala cham'mbali sindimunyamula." Anandipatsanso helemeti yomwe inkandigwera m'maso.

Mayi Nkhoma anandiphunzitsa mbali yawo. Keke imakhala pabolodi, bolodi imalowa m'katoni, ndipo pansi pa bolodipo pamayalidwa kansalu konyowa pang'ono kuti isaterereke. Katoni sugwira m'mbali, chifukwa ukaifinya, aisingi, zotsekemera zopaka pakeke zija, imamatirira. Manja amalowa pansi, zigongono n'kuthina m'nthiti. Zonsezi ndinazigwira msanga, mpaka ndinayamba kudzimva kuti ndine katswiri.

Matama amenewa anathera pa raundabauti. Tinanyamula keke ya mwana wina wokumbukira tsiku lobadwa, ndipo njinga itapendekekera kumanja, ine ndinakankhira thupi kumanzere, katoni ndili nayo chilili kuti keke isapendekeke. Ndinkaona ngati ndikuipulumutsa. Titafika n'kutsegula, keke yonse inali itatsetserekera mbali imodzi, dzina la mwanayo lili pakhoma la katoni. Mayi Nkhoma anaphika ina mwaulere. Sanandikalipire, anangondiitanira kukhitchini n'kunena motsitsa mawu, "Esinati, ndimakukonda, koma ina ikadzaonongekanso m'manja mwako, tisiyana." Ndinalira njira yonse yopita ku Mtandire. Ndinkaopa kubwerera kumudzi manja ali m'khosi, komanso ndinkachita manyazi ndi azakhali amene anandiikira kumbuyo.

M'mawa mwake Che Saidi anandiyang'ana maso otupawo n'kupukusa mutu. "Iwe umamenyana ndi njinga. Ndikakhota ndimakumva ngati thumba la chimanga lomangidwa mbali imodzi. Lamulungu masana ubwere ku Area 2, ndikakuonetse sukulu."

Sukuluyo inali kuseri kwa shopu ya sipeya za njinga, kumene mwini wake anapachika kanema pakhoma. Lamulungu lililonse lokhala ndi mpikisano wa njinga zamoto wa kunja, anyamata a kabaza ankadzaza pamenepo, ena pamatayala akale, ena pamakreti. Mkazi ndinali ndekha. Nditaona njingazo zikugona pakona mpaka bondo la woyendetsa kukwecha pamsewu, ndinakuwa kuti, "Mayo, agwa!" Shopu yonse inafa nacho chiseko.

Anthu pamenepo anali ogawikana pawiri. Anyamata ankakonda woyendetsa njinga yofiira, amene ankachedwa dala kugwira buleki, n'kufika pakona tayala lakumbuyo likugwedezeka ngati mchira wa galu, kenako n'kuigwetsera njingayo mkati mwamphamvu. Akadutsa mnzake, anyamata ankaimirira n'kumamenya makreti. Che Saidi ankakonda wa njinga yabuluu, amene poyang'ana ankaoneka ngati sakuthamanga n'komwe. Iyeyu ankayamba kuchepetsa liwiro akadali patali, n'kulowa pakona mosalala, n'kutulukanso mosalala, njinga osagwedezeka olo pang'ono.

"Wanuyo akupita kumsika, Che Saidi!" anyamata ankawaseka motero.

"Dikirani matayala athe," iwo ankayankha, akusisita ndevu.

Tsiku limenelo matayala a wofiira anathadi chakumapeto, njinga yake inayamba kuterereka pamakona, ndipo wabuluu anamudutsa ngati waima. Che Saidi anavina ndi kreti m'manja. Masabata ena wofiira ankapambana ndithu, ndipo anyamata ankawaperekeza ndi nyimbo mpaka pamsewu. Koma chimene Che Saidi anandiitanira sichinali chakuti apambane ndani. Anandilozera pakanemapo. "Taona mutu wake. Sayang'ana pansi, amayang'ana kumene akupita. Taonanso thupi lake. Njinga ikagona, nayenso amagona nayo. Onse awiriwa, wofiira ndi wabuluu, palibe amene amakana kugona."

Lolemba madzulo ananditengera pabwalo la mpira, n'kundipatsa beseni la madzi odzaza pafupifupi mpaka m'milomo. Anati ndiliike pamiyendo monga keke. Titayamba kuzungulira bwalolo, ndinachita zanga zomwe zija, kulimbana kuti beseni likhale chilili. Madzi onse anathera pantchafu yanga yakumanzere. Ana amene ankasewera mpira anasiya mpirawo n'kubwera kudzaonerera. Che Saidi anatunganso madzi ena pampope, ine n'kuwatayanso. Kachitatu Che Saidi anati, "Tsopano usaliteteze besenilo. Tsamira kumene ndikutsamira, uyang'ane pamwamba pa phewa langa lamkati." Ndinalimba mtima n'kuchita zomwezo. Njinga inapendekeka, ine ndinapendekeka, beseni linapendekeka, koma madzi anangokhala phee, osadontha. Sindinakhulupirire. Ndinawapempha kuti tizungulirenso, ndipo tinazungulira mpaka anawo anatopa n'kubwerera ku mpira wawo.

Kuchokera pamenepo makeke ang'onoang'ono ankafika bwino. Komabe mtima sunali m'malo, chifukwa Che Saidi ankandiyendetsa pang'onopang'ono, ndipo pakona iliyonse ndinkayamba ndaumitsa msana ndisanakumbuke kutsamira. Iwo ankangoti, "Ndakumva," ine n'kudziwa kuti sindinakhozebe.

Tsiku lovuta linafika mu Okutobala, Loweruka, dzuwa likuswa mtengo. Panali keke yaukwati yosanjikiza kawiri, ya aisingi ya batala, yopita kuphwando lochitikira pakapinga wa nyumba ina ku Area 43. Imeneyi inali ya pagalimoto. Koma galimoto ya Mayi Nkhoma inakana kulira. Mlonda ndi mnyamata wa maluwa anaikankha mpaka pageti, osatheka. Mayi Nkhoma anaimbira wa takisi, iye n'kuti wapanikizika pamlatho wa ku Old Town ndipo magalimoto sakusuntha. A komiti ya ukwati anali akuimba foni mosalekeza, akuti akwati anyamuka kale kojambulitsa.

Mayi Nkhoma anayang'ana keke, anayang'ana njinga, kenako anayang'ana ine. "Mukayenda pang'onopang'ono isungunuka. Mukathamanga igwa. Che Saidi, mutha?"

"Ine nditha," anatero Che Saidi. "Funsani wonyamulayo."

Ndinadziwa kuti ikaonongeka imeneyi palibe zophikanso ina, ndipo ntchito yanga ithera pomwepo. Ndinangogwedeza mutu kuvomera.

Mayi Nkhoma anabaya timitengo pakati pa keke kuti yapamwamba igwirane ndi yapansi, anayala kansalu konyowa, n'kuphimba katoni ndi nsalu yoyera kuti dzuwa lisaiwombe. Katoniyo inkandifika pachibwano. Tinanyamuka.

Aka kanali koyamba kuona Che Saidi akuthamangadi. Koma ankathamanga ngati wabuluu uja. Magiya ankalowa osamveka kugunda. Hampu ikamayandikira ankachepetsa liwiro akadali kutali, n'kuikwera chopingasa pang'ono, keke osadumpha. Pakona yoyamba ndinaumitsa msana mwachizolowezi, ndipo ndinamva "Ndakumva!" kuchokera m'helemeti mwawo. Pakona yachiwiri ndinatsamira bwinoko. Fungo la batala linayamba kutuluka m'katoni, chizindikiro choti kutentha kwayamba kugwira ntchito yake.

Kenako tinafika pa raundabauti yaikulu. Tinalowa bwinobwino, koma titangotsala pang'ono kutulukira kumsewu wathu, minibasi ina inaima mwadzidzidzi pakamwa penipeni pa msewuwo, kondakitala atatulutsa mutu kuitanira anthu. Che Saidi akanagwira buleki mwamphamvu, keke yonse ikanathera pamsana pawo. Sanagwire. Anaigonetsa njinga kumanja kwambiri kuposa kale lonse, n'kupitiriza kuzungulira raundabautiyo kachiwiri.

Thupi langa lonse linkandiuza kuti ndikankhire kumanzere. Udzu wa pakati pa raundabauti ndinkauona pafupi zedi, moti ndikanatha kuuthyola. Koma ndinakumbuka beseni lija. Ndinachotsa maso pansi, n'kuyang'ana pamwamba pa phewa lawo lakumanja, kumene msewu unkakhotera, ndipo ndinadzisiya. Ine, katoni, Che Saidi ndi njinga tinagona limodzi. Chodabwitsa n'chakuti mantha anathera pomwepo. Keke inakhazikika pamiyendo panga ngati ili patebulo, mphepo ikulowa m'helemeti, ndipo ndinangozindikira kuti ndikuseka mokweza. Pamene tinkafikanso potulukira paja, minibasi inali itachoka, ndipo tinadutsa mosalala.

Ku Area 43 mlonda anatsegula geti tisanalize n'komwe hutala. Mayi wina wa komiti, atavala yunifolomu ya chitenje ya ukwatiwo, anathamangira kwa ife manja ali kumutu. "Keke yaukwati pa kabaza? Mwatipha!" Tinaiika patebulo pansi pa tenti, ndipo ndinachotsa nsalu n'kutsegula katoni. Keke inali chilili, yoyera mbee. Kaduwa kamodzi kokha ka shuga ndi kamene kanagwera pabolodi, ndipo ndinakabwezera pamalo pake ndi nsonga ya mpeni. Mayi uja anaimba nthungululu, n'kutikakamiza kuti tisachoke tisanadye. Nditaimbira Mayi Nkhoma, anangoti, "Mwana iwe!" kenako foni inadzaza chiseko chosakanikirana ndi kulira.

Tikudya mpunga ndi nkhuku kuseri kwa tenti, Che Saidi anandiyang'ana mwachidwi. "Ukudziwa, pa raundabauti paja ndinafuna kucheuka."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Ndimayesa wagwa. Sindinakumve n'komwe kumbuyoku."

Ndalandirapo mawu oyamikira ambiri chichokereni tsiku limenelo, koma palibe amene anandikomera ngati amenewo.

Ndinagwira ntchito kwa Mayi Nkhoma mpaka anandiphunzitsa kuphika, ndipo lero ndili ndi kauvuni kanga ndi makasitomala anga. Lamulungu la mpikisano ndimapezekabe kuseri kwa shopu ija, pakreti yanga, kumbali ya Che Saidi, ngakhale mumtima wofiira uja ndimamukondako mobisa. Zinthu zikandikhotera mwadzidzidzi, kaya uvuni wafa kaya magetsi azima keke ili mkati, ndimapezeka ndikuumitsa msana, ndiye ndimakumbuka kuti keke imene ndinaiteteza ndi mphamvu zanga zonse ndi imene inaonongeka. Mtsikana amene amandinyamulira makeke masiku ano anabwera akuti manja ake ngofatsa. Ndinamuuza kuti manjawo ndawaona, koma mawa avale buluku, abwere ndi beseni.