Malata a apongozi ndi netiweki ya pachulu

Inu owerenga, ndikuvomera pamaso panu kuti ndine amene ndinapha netiweki pakhomo pa apongozi anga aamuna ku Bembeke. Ndinaipha masanasana, ndi manja anga awiriwa.

Kukoleji ndinaphunzira za mafoni chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Ndinachoka aphunzitsi atangoyamba mutu wa zikwangwani zanzeru, zija zimabweza mafunde a foni n'kuwakhotetsera kumene phiri latchinga. Chiyambi cha mutuwo ndinachimva bwino kwabasi. Pamene ankaumaliza n'kuti ine ndili m'minibasi.

Kwa apongozi foni inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa khola. Kamzere ka netiweki kamodzi, koma kokhulupirika. Sabata imeneyo anali atakumba kachewere munda wonse, akudikira foni ya dalaivala wa lole kuti awauze tsiku lotulutsira matumba kumsewu.

Ndinawauza kuti munthu wamkulu sakwera chulu mkamwini wake ali injiniya, netiweki ndiibweretsa pakhonde. Anandibwereka malata asanu amene ankasungira khitchini. Ndinawakhoma pamitengo kumtunda, kuwalozetsa kumene ndinkaganiza kuti kuli nsanja ya mafoni. Sindinayeze chilichonse. Ndinangotsinzina diso limodzi.

Mbali imene ndinaithawa ija imati uyambe watumiza kachizindikiro koyesera, udziwe njira imene mafunde akudzera, kenako uonetsetse kuti obwezedwawo akufika mogwirizana ndi obwera molunjika. Akasemphana amafafanizana. Anga anasemphana mwaluso ndithu. Pakhonde sipanafike kanthu, ndipo pachulu kamzere kaja kanazima.

Masiku atatu apongozi anakwera chulu, foni ili m'mwamba. Ine ndinkawalimbitsa mtima kuti makina akuzolowera nyengo. Dalaivala uja anaimba mpaka kutopa, anafika kumsewu, ananyamula matumba a anthu ena n'kumapita. Athu mvula inawapeza pabwalo, ndipo kachewere wambiri anawola.

Mkazi wanga ndi amene anakagwetsa malatawo, osandifunsa n'komwe. Asanatsike kumtundako, foni ya bambo ake inayamba kulira pachulu ndi mauthenga a masiku atatu. Apongozi anawerenga onse modekha, kenako anati, "Akamwini, kukolejiko anakuthamangitsani kapena munachoka nokha? Ngati anakuthamangitsani, anthu amenewo ndi ophunziradi."

Anzanga amene munasiyira sukulu panjira, ndimvereni. Musakhome kanthu musanayeze, ndipo m'manja mukamayabwa kwambiri kayesereni pakhomo panu, osati kumene munakwatira. Ine mpaka lero ndikafika kumeneko amandilonjera mwaulemu wonse, koma amayamba abisa hamala.