Kamutu ka Dothi m'Sutikesi ya Amayi

Dzulo tikugawana zovala za malemu amayi, ndinapeza kamutu ka dothi kokulungidwa m'kansalu pansi pa sutikesi yawo. Ndinakaumba ndine ndili sitandade folo.

Bambo ankaphunzitsa pa Mwanza boma, ndipo m'buku lawo lina lonunkha nkhungu munali chithunzi cha chiwanda cha ku Asuri: nkhope ngati ya galu, mano ali pamtunda, mapiko anayi. Anandifotokozera kuti akazi oyembekezera a kumeneko ankavala kamutu kake m'khosi kuti kaziopseza chiwanda china chachikazi chimene chinkaba makanda.

Nthawiyo amayi anali oyembekezera, atataya kale ana awiri. Poopa kuti angatayenso wina, ndinakatapa dothi kudambo n'kuumba kamutuko, mano ndinaika njere za mpunga, kenako ndinakabisa pansi pa pilo wawo.

Atakapeza anayamba kutchula mayina a anthu amene ankawaganizira zaufiti. Ndinaulula ndikulira.

"Iwe, zimenezi m'nyumba ya Mkhristu?" anatero. "Ndikataya kuchimbudzi."

Mwanayo anabadwa wamoyo, ndipo dzulo ndi iyeyo amene ankandigwirira chivundikiro cha sutikesi. Amayi sanakataye kamutu kaja. Kani mantha anga aja anali awonso.