Anakayesa njinga yanga, dzina la mdzukulu n'kupita

Abale, kumata kamara, chubu cha m'tayala la njinga, kunayamba liti kudya tsiku lathunthu? Mtima ukuwira, koma ndikulemba uku ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu, poti ndine gogo tsopano!

Mwana wanga Rozita wabereka mwana wamwamuna ku Mualadzi. Asebele anga, bambo ake a mkamwini, anaimba foni kuti Loweruka m'mawa mwana atuluka m'chikuta, ndipo dzina ndikapereke ine. Anawonjeza kuti ndikachedwa apereka okha. Dzina ndinali nalo kale: Zakeyu, la malemu bambo anga.

Ena amati ndikwere motolizada, njinga yamoto. Ine? Feliya iliyonse shikola yomwe ndimaphunzitsa ikatseka ndimazungulira dziko lino panjinga. Lachinayi tambala woyamba ndinanyamuka ku Chifunde, kachikwama ka nsalu za mwana pa kaliyala. Kukoma kwake ulendo! M'zigwa chimanga chamasula ngayaye, pamitsetse ndikungoimba nyimbo za kwaya. Aliyense wopalira m'munda ndimamufuulira kuti ndine gogo, ngakhale sanandifunse.

Lachisanu cha m'ma 9 m'mawa, munga. Tayala lakumbuyo fwaa, kola yanga yomatira itauma gwa. Ndinakankha mpaka pa kamsika kena, pomwe meshitili wokonza njinga amakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuuza bwinobwino kuti kutsogolo kuli mtsinje wopanda mlatho, mitambo ikusonkhana kumtunda, ndiyenera kuwoloka mvula isanagwe. Anati ndisade nkhawa, ndafika kwa mwini ntchito.

Kumata anamata msanga, bodza n'loipa. Kenaka anati aiyese kaye. Ine ndimati azungulira mtengo wa mango. Munthu anakhota kuseri kwa chigayo, zii.

10 inakwana. 12 inakwana. Akazi ake, ogulitsa zitumbuwa pambali, anandilimbitsa mtima kuti amuna awo ndi osamala, njinga ya mlendo saibweza asanaitsimikize. Amaitsimikizira kuti? Ku Zambia?

Cha m'ma 3, mabingu akugunda, ndinamva mee! Meshitili uyo akubwera thukuta kamukamu, mbuzi atainjata pa kaliyala, pamwamba penipeni pa chikwama cha mdzukulu wanga. Anati malume ake kuseri kwa phiri anamulonjeza mbuzi kalekale, koma analibe choyendera.

"Yapambana mayeso, madala. Yakwera phiri ndi mbuzi, mphepo sinatuluke."

Manyazi alibe munthu ameneyo. Anafunanso mametikali makumi asanu apamwamba, ati a kuyesa! Zomwe ndinamuyankha sindingalembe pano, ana a m'kalasi mwanga amawerenga.

Ndinapalasa ngati ndaba. Ndikufika pamtsinje, madzi ofiira akukokolola zitsa. Anthu a Ziyoni a m'mudzi wa pafupi anandipatsa pogona, Mulungu awadalitse. Ndinawoloka Loweruka masana, njinga paphewa, madzi m'chiuno, ndipo ku Mualadzi ndinalowa dzuwa likupendeka.

Asebele anandilandira mano onse pamtunda. Anati kuyambira m'mawa anthu akafunsa dzina, iwo amangoti dikirani, dikirani, agogo ali m'njira. Dzuwa litafika pamutu, azamba atopa, alendo ayamba kutsanzika, anaona kuti dzina labwera lokha.

"Nayu Dikirani wanu, asebele."

Ndinafuna kukwiya. Koma Rozita atamuika m'manja mwanga, abale inu, mphuno yanga yeniyeni! Ndinalira, ndinaseka, ndinavina ndi matope anga omwe. Nsalu zomwe ndinabweretsa anaziyanika kutali, fungo la tonde.

Komabe zimandiwawa. Bambo anga anamwalira ndisanawachitire kanthu, ndimati dzina lokhali ndiwabwezere pakhomo.

Ndiye inu oyenda maulendo ataliatali panjinga, mverani. Wokonza akati aiyese, zulani chishalo mukhalire. Ngati n'kotheka tcheni chomwe muike m'thumba.

Ndipo inu ameshitili a pansi pa mango, idyani mbuzi yanu, inone. Dikirani akadzayamba kufunsa chifukwa chake si Zakeyu, ine sindidzayankha. Ndidzamukweza pa kaliyala pomwe panakhala mbuzipo, ndidzabwere naye, mudzamufotokozere nokha.